Ba Nkhoma, Amene Anandichotsa m'Chuma cha Dziko

Mu Kalingalinga monse, kuyambira kumsika mpaka kumsewu waukulu kumene timayala katundu, palibe munthu amene anandigonjetsapo pa nkhani ya mtengo. Ndinagulapo sitovu kwa mayi wina wa ku Kabulonga, iye n'kundithokoza kuti ndamuchotsera zinyalala, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali nditaigulitsa kwa mlamu wake. Njira yanga ndi yosavuta. Munthu akatchula mtengo woyamba, iwe seka, tembenuka, yamba kuyenda pang'onopang'ono. Akuitana. Pamsika sindinaonepo munthu amene sanaitane.

Loweruka lapitali tinali kumanda ku Chunga, kukaika mwala pamene pagona ba Nkhoma, mmisiri wa matabwa amene shedi yawo inagundana ndi malo anga kwa zaka zambiri. Abusa anapempha kuti mnansi mmodzi alankhulepo. Anthu onse anatembenukira kwa ine, ine n'kumayang'ana nsapato zanga. Zimene ndili nazo pa munthu ameneyu si zolankhula pamanda ana ake akulira, ndiye ndati ndizilembe.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, ndipo pensulo siinkachoka kukhutu kwawo ngakhale m'tchalitchi. Atate awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu. Ba Nkhoma anabadwira ku Matero, koma ankalankhula Chinyanja cha m'Baibulo, chija choti ife tikamati "vinthu" iwo amati "zinthu", n'kukuyang'ana ngati wataya madzi pakhomo pawo. Asanagwire sowo anali mesenjala ku ofesi ina ya boma kumene amawerengera chuma cha dziko. Ntchito yawo inali kunyamula mafayilo ndi tiyi, koma makutu sankawasiya pakhomo. Anatuluka kumeneko ndi tayi imodzi ndi chiphunzitso chimodzi, ndipo zonse ziwiri anazigwiritsa ntchito mpaka kuperepeseka.

Chiphunzitsocho munthu ankachilandira ulere, kaya wabwera kudzagula bedi kaya wangobisala mvula. Ankati dziko lili ngati banja limene chaka chikatha limakhala pansi n'kudzifunsa kuti chaka chino tapanga chiyani chatsopano. Chimanga chimene chalimidwa, mkuwa umene wakumbidwa, mitu imene yametedwa, maulendo a minibasi, zonse amaziika pa mtengo wake n'kuphatikiza, ndipo chimene chatuluka ndi chija a pa wailesi amati GDP. Ankachenjeza, chala chili m'mwamba, kuti chinthu sichiwerengedwa kawiri. Thabwa la kumsika wa Buseko likalowa m'chitseko, suwerenga thabwa padera ndi chitseko chonse padera, chifukwa thabwalo lili kale m'kati mwa chitsekocho. Mitengo ya zinthu ikakwera, anthu n'kumati ndalama zachuluka m'dziko, iwo ankangoseka. Ankati chitseko chikakwera mtengo sichitalika, ndipo wofuna kudziwa ngati dziko lakuladi ayambe wasesa kukwera kwa mitengoko.

Akamaliza chitseko ankachiimika kutsogolo kwa shedi, kuchigogoda ndi chala, n'kuuza aliyense wodutsa kuti chimenecho chalowa m'chaka chino. Ankanena ngati nduna ya zachuma yaima kuseri kwa shedi ikudikira kuti iwo amalize kupaka vanishi.

Zonsezi zikanakhala zoseketsa chabe ndikanakhala kuti ndine wowotcherera zitsulo kapena wosoka nsapato. Koma ine ndimagulitsa zakale: mafelemu a mawindo, masinki, masitovu, zitseko zochokera m'nyumba zimene eni ake akukonzanso. Pa chiphunzitso cha ba Nkhoma, katundu wanga yense anawerengedwa kale chaka chimene anapangidwa, mwina kudziko lina kumene. Ine ndinali kungomusuntha kuchoka pakhomo ili kupita pakhomo lija, monga mphepo ya mu Ogasiti imachitira ndi mapepala.

"Iwe Yotamu, m'chuma cha dziko mulibe," anandiuza tsiku lina anyamata owotcherera akumva. "Uli panja, ukusuzumira pawindo. Windolonso ndi lakale."

Ndinaseka nawo, chifukwa pamsewu munthu wosaseka nthabwala yomunena ndiye amamupatsa dzina. Koma zinandilowa. Miyezi ya mvula, pamene matabwa saumanso ndipo anthu sagula mabedi, ine ndi amene ndinkapita kunyumba ndi nkhuku, iwo ndi repu. Komabe amayi ogulitsa tomato akamadutsa, kwa ine ankangokweza chibwano, koma kwa ba Nkhoma ankaima, kupinda bondo, n'kufunsa ngati chaka chino dziko likuyenda. Munthu wofuna kukaoda katundu ku Nakonde ankayamba wadzawafunsa ngati ino ndi nthawi yake. Ine amene ndimadziwa mtengo wa chilichonse mu Lusaka kuyambira msomali mpaka injini ya chigayo, ankandifunsa kokha ngati ndili ndi chenji.

Sankakhoza nthawi zonse, musaganize choncho. Chaka china analosera kuti zinthu ziyenda, mvula n'kukana, malaiti n'kumapita tsiku lonse, mashini awo n'kukhala chete ngati ali pamaliro. Wina akanabisala. Iwo anangoti dziko lakula ndithu, koma lakulira mbali imene ife kulibe, ndipo anthu anagwedeza mitu ngati amva mawu a mneneri. Ine ndikalakwitsa mtengo wa sinki imodzi, msewu wonse umakumbukira mpaka Khrisimasi.

Munthu mmodzi yekha amene sankachita nacho mantha chiphunzitsocho anali akazi awo, ba make Esinati. Tsiku lina atabweretsa chakudya cha masana, anapeza amuna awo akufotokoza kuti mayi wokazinga vitumbuwa n'kugulitsa amawerengedwa, koma mkazi wophikira banja lake, wochapa ndi wolera ana sawerengedwa, chifukwa palibe ndalama imene yasintha manja. Ba make Esinati anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anavindikiranso mbale, kuzimanga m'nsalu, n'kunena kuti popeza chakudyachi kulibe m'dziko, palibe amene angachisowe. Anabwerera nacho kunyumba. Ba Nkhoma anadya chimanga chootcha tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo mbali imeneyo ya chiphunzitso ankaiphunzitsa atayamba ayang'ana kumsewu.

Tsiku lawo lalikulu pachaka linali tsiku la bajeti. Ankavala tayi ija pamwamba pa ovolosi, kuzimitsa mashini, kusesa utuchi, n'kuika kawailesi kawo pabenchi. Anthu ankadzaza shedi mpaka kumsewu. Nduna ikalankhula pang'ono, iwo ankachepetsa mawu a wailesi n'kumasulira, ndipo nthawi zina ankaidzudzula ngati mwana wawo wopeza.

Chaka china ndinati izi zithe. Ndinapeza TV yaikulu kwa bwana wina amene ankasamuka, ndinaikonzetsa, ndinakoka waya kwa anyamata owotcherera, ndinayala mabenchi pamalo panga. Anthu anabweradi, onse, shedi ya ba Nkhoma n'kutsala ndi kawailesi kokha. Mtima wanga unavina. Koma nduna itangoyamba kutchula mawu ake aatali aja, anthu anayamba kuyang'anana. Mnyamata wina anadzuka, anapita kushedi, n'kubwera atanyamula mpando wa ba Nkhoma, mwini wake akutsatira pambuyo akukonza tayi. Anawakhazika kutsogolo kwenikweni, pamalo panga, ndipo rimoti yanga inapezeka m'manja mwawo. Anamasulira bajeti yonse. Pomaliza anathokoza Mulungu, anathokoza anthu, kenaka anagogoda TV ija ndi chala n'kunena kuti ndi yabwino, kungoti inawerengedwa kale kwa eni ake kutsidya la nyanja. Ine ntchito yanga tsiku limenelo inali kugwira waya kuti usagwedezeke.

Koma chimene chinatimanga pamodzi mpaka imfa chinachitika TV ija isanabwere.

Unali mmawa wa nyengo yozizira pamene mbiri inathamanga mumsewu kuti kukubwera anthu ovala mabibu achikasu, timalaya topanda manja tija tovala pamwamba, atanyamula mafoni aakulu, akufunsa aliyense chimene amagulitsa ndi zimene amapeza. Pa Kalingalinga munthu wa boma akakufunsa zimene umapeza, sitidikira kumva chifukwa chake. Owotcherera ena anakulunga mawaya n'kuzimiririka. Amayi a tomato anaphimba matebulo ndi vitenge. Ine, katswiri, ndinaona kuti kuthawa ndi kwa anthu opanda nzeru. Ndinaphimba katundu wanga ndi tenti, ndinavula jekete labwino n'kuvala lobooka pachigongono, ndipo ndinakhala pamwala nditagwira tsaya.

Anafika mtsikana wamng'ono thupi, wa magalasi, waulemu.

"Ba ankolo, aka kabizinesi ni kanu?"

Ndinamuuza kuti katunduyo ndi wa mlamu wanga amene anapita ku Chipata ndipo sindidziwa tsiku lobwera. Iye anafotokoza kuti si wa msonkho, si wa khonsolo, akungowerenga malonda ndi ntchito za anthu kuti boma lidziwe kukula kwa chuma. Mawu amenewo ndinawamva ngati nyambo. Anafunsanso ngati ine mwini ndili ndi chimene ndimachita.

"Mwana wanga, ine nilibe nchito. Ninkhala chabe."

Ndinatsokomolanso pang'ono kuti zikome. Iye anadina-dina pafoni yake, anandithokoza, anandiuza kuti Mulungu andikumbukire, n'kupita pa shedi yotsatira.

Kumeneko anapeza tayi. Ba Nkhoma anali atasesa, atandandalika zitseko, atapukuta mpando. Munthu ameneyu anadikira tsiku limenelo moyo wake wonse. Anayankha zimene anafunsidwa ndi zimene sanafunsidwe: kumene amagula matabwa, guluu, misomali, miyezi imene malonda amayenda, miyezi imene amagona. Anthu amene anabisala anayamba kutuluka mmodzimmodzi ataona kuti palibe akumangidwa. Ndipo khamu litakwana, ba Nkhoma anafuna kundimaliza. Anakweza mawu n'kupempha mtsikanayo kuti auze anthu, iye monga wophunzira, ngati munthu wogulitsa zinthu zakale amalowa m'chuma cha dziko.

Mtsikanayo anati sinki yakaleyo payokha siwerengedwanso, pamenepo ba Nkhoma akhoza. Iwo anayamba kale kumwetulira. Koma anapitiriza kuti ntchito yoifunafuna, kuinyamula, kuisunga ndi kuipezera wogula ndi ntchito ya chaka chino, ndipo kaphindu kamene wogulitsa amaika pamwamba kamawerengedwa, monga mmene amawerengera wometa kapena woyendetsa minibasi.

"Ngati vinthu vija venze va ba ankolo aja," anatero akuloza ine, "sembe nabalemba."

Katunduyo akanakhala wanga, akanandilemba! Sindikumbukira mmene ndinadzukira pamwala paja. Ndimangokumbukira tenti ili m'mwamba, masinki akuwala padzuwa, ine ndikulumbira kuti mlamu wa ku Chipata kulibe, sanabadwe n'komwe. Chifuwa chija chinapola nthawi yomweyo. Mtsikanayo anati za malo anga watseka kale ndipo zapita, sangazitsegulenso popanda akuluakulu ake. Ndinamutsatira mpaka pa siteshoni. Ndinayamba ndi mawu okoma, ndinafika pa sinki yaulere ya amayi ake, ndinawonjezera felemu la windo. Iye ankangoseka, n'kumati mwina ulendo wina. Ndi munthu woyamba amene ndinamuchonderera kuti atenge katundu wanga iye n'kukana.

Pobwerera ndinapeza ba Nkhoma akupaka vanishi pa kasitika kamene mtsikanayo anamata pa nsanamira ya shedi yawo, kuti mvula isakawononge.

Tsopano taonani mmene munthu ameneyu analili. Anagonja pamaso pa anthu. Chiphunzitso chawo chinapezeka ndi bowo, ndipo bowolo linali ine. Wina akanapepesa, kapena akanangokhala chete. Iwo anangosintha mlandu. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso zoti katundu wanga ndi wakale pofuna kundichotsa, kupatula pa TV paja pamene lilime linawaterereka. Ankangoti boma linabwera lokha kudzafunsa, ndipo Yotamu anayankha ndi pakamwa pake. Alendo akabwera kushedi ankandionetsa kwa iwo kuti uyu ndi lova wathu, osati lova wamba, koma wolembedwa ndi boma. Ndikawakumbutsa zimene mtsikana uja ananena, ankagwira khutu la kumanzere n'kuti mashini analiwononga kalekale, ndipo mtsikanayo anaima mbali imeneyo. Mboni zinalipo zambiri, koma mboni zonsezo zinkabwereka makilampu ndi mashini obowolera kwa ba Nkhoma.

Sindinkafuna zambiri. Sindinkafuna shedi yawo, kapena makasitomala awo, kapena mabondo a amayi a tomato, ngakhale amenewo ndikanawalandira. Ndinkafuna mawu amodzi ochokera pakamwa pawo, anthu akumva, akuti Yotamu nayenso alimo. Ndinayesa njira zonse za ntchito yanga. Ndinawapezera mota ya mashini pamtengo wa chibale. Ndinawatumizira makasitomala. Nthawi ina ndinakhala osawalankhula mwezi wathunthu, iwo n'kumauza anthu kuti lova wayamba kusunga mphamvu. Mota analandira, makasitomala analandira, ndipo mwana wanga atadwala ndi iwo amene anayamba kufika kuchipatala atanyamula bulangete. Koma mawu aja ayi.

Matenda a shuga atawagwetsa, miyendo inatupa ndipo shedi inatsekedwa. Ndinapita kukawaona masana ena nditanyamula malalanje. Ndinawapeza atagona pampando wautali m'chipinda chochezera, ataonda, pensulo ili kukhutu. Ba make Esinati anali pakhomo akusenda nshawa. Tinakamba za mitengo ya matabwa, za malaiti, za anyamata a masiku ano amene amapanga mabedi a guluu wokhawokha. Kenaka anakweza maso kudenga.

"Yotamu, ndakhala ndikuganiza. Mtsikana uja sananame kwenikweni."

"Khutu lapola, ba mudala?"

"Usandidule mawu. Masinki ako mulibe, amenewo iwala. Koma pakamwa pakopo pamagwira ntchito. Ndikupatsa theka. Theka la iwe lilimo."

Ba make Esinati anasiya kusenda. Mboni inalipo, ndipo inali mboni yosabwereka kilampu kwa munthu. Ndikanangoti zikomo, nkhani ikanathera pomwepo.

Koma munthu amene wadikira zaka zonsezo, akamva wogulitsa wayamba kufewa, magazi amadziwa okha chochita. Ndinaseka. Ndinati theka ndi la ana, ine ndikufuna chathunthu, ndiponso osati m'nyumba muno koma kumsewu, owotcherera ndi amayi a tomato alipo. Iwo anati munthu wolembedwa ulova alibe mphamvu yokambirana mtengo. Ndinadzuka, ndinatsanzika, ndinayamba kuyenda. Pakhomo ndinachedwa ndi kufunsa ba make Esinati za nshawa. Pageti ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ndinamva kuseka m'nyumba, kuseka kumene kunasanduka chifuwa, koma dzina langa silinatuluke.

Mawa lake sindinapite, dala. Mtengo umafuna kuusiya ugone kuti upse. Mkuja wake ndinamva kuti awatengera kuchipatala, ndipo kumeneko sankalola anthu ambiri kulowa. Anabwerako ali m'bokosi.

Maliro atatha ndinapita kwa ba make Esinati mwaulemu wonse, ndinakhala pansi, ndinapepesa, kenaka ndinafunsa ngati angauzeko anthu zimene anamva tsiku lija. Anati amuna awo, ine nditatuluka, anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ameneyo abwera mawa, ndipo anawauza kuti asunge malalanje awiri tidzadyere limodzi. Ngati anali ndi mtengo wina woti andipatse, sanawauze.

"Nanga theka lija, amayi?"

"Ba Yotamu, inu ndiye katswiri wa malonda. Munthu akakana mtengo n'kuchoka, katundu amakhala wa ndani?"

Yankho lake ndimaliphunzitsa ndine.

Shedi ilipobe. Mkamwini wawo anabwera ndi kalole n'kutengera mashini, benchi ndi nsanamira zabwino ku Lilanda, moti chatsala ndi denga la malata lotsamira pa mitengo iwiri ndi khoma la mnansi. Pansi pali dothi lakuda losakanizika ndi utuchi wa zaka zambiri, lofewa ngati matiresi, ndipo mvula ikagwa limanunkhirabe matabwa a mukwa. Pali maenje anayi pamene panaima miyendo ya benchi. Masana agalu amagona mmenemo, ndipo amayi a tomato amaikamo mabokosi awo opanda kanthu. Bajeti ya chaka chino aliyense anamvera pafoni yake, ndipo palibe amene anafunsa mnzake kuti zikutanthauza chiyani.

Mwini malo a shediyo wandiuza kale kawiri kuti ndiwatenge ndikulitse bizinesi, pamtengo woti ngakhale ine ndikuchita manyazi kuutsitsa. Ndikawatenga, malo anga adzakhala aakulu kuposa onse mumsewu uno, ndipo a mabibu achikasu akadzabweranso ndidzawayalira mpando, ndidzawauza zonse mpaka msomali womaliza. Adzandilemba, sindikukayika. Kungoti ndikadzatembenuka kuti ndione nkhope ya munthu, kumbali kumeneko kudzakhala masinki anga omwe.

Mtsikana wophunzira anali kumbali yanga, choonadi chinali kumbali yanga, ndipo amene akupumabe ndine. Koma mumsewu uno ana amene sanawaonepo ba Nkhoma atagwira sowo amanditchula ba Lova, mwaulemu ndithu, poganiza kuti ndi dzina la makolo anga. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani, pamenepa anapambana ndani?